Tcheni Kapena Lamba: Mbiri ya Chimene Chimasunga Nthaŵi M'kati mwa Injini

Munthu akafuna kugula galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito, makamaka ya mtundu uja wokwera pang'ono m'mwamba umene amautcha SUV yaing'ono, monga Toyota RAV4, Honda CR-V, Nissan X-Trail kapena Suzuki Escudo, maso ake amathamangira pa utoto, pa matayala, pa mipando ndi pa chiŵerengero cha makilomita amene galimotoyo yayenda. Koma akaitengera kwa makaniko wodziŵa ntchito yake, funso loyamba limene amalandira limakhala lina: kodi injini yake ndi ya tcheni kapena ya lamba? M'misika ya magalimoto ya ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu muli chiweruzo chimene anthu amangopatsirana pakamwa, chakuti tcheni sichitha ndipo lamba ndiye mwini mavuto. Mbiri ya injini, imene yatenga zaka pafupifupi 150, ikusonyeza kuti chiweruzo chimenechi n'choona theka lokha. Theka losoŵalo ndi limene lagwetsa injini zambiri ndi kumiza ndalama zimene mabanja anasonkhanitsa movutikira kwa zaka.

Nkhaniyi iyenera kuyambira ku Germany m'chaka cha 1876, pamene Nikolaus Otto, pa fakitale ya Deutz pafupi ndi mzinda wa Cologne, anamaliza kupanga injini imene imagwira ntchito yake m'magawo anayi: kukoka mpweya woyaka, kuufinya, kuuyatsa, ndi kutulutsa utsi. Injini za petulo ndi za dizilo za magalimoto a lero zimatsatirabe njira yomweyo. Pisitoni imakwera ndi kutsika m'kati mwa silinda, nizunguza chitsulo chachikulu cha pansi chotchedwa crankshaft. Pamwamba pa silinda pali tizitseko tating'ono, amene ndi mavalavu, ndipo amatseguka kuti mpweya uloŵe kapena utsi utuluke. Chimene chimakankha mavalavuwo ndi chitsulo china chokhala ndi malo otumphuka, chotchedwa camshaft. Lamulo lake ndi losasinthika: crankshaft ikazungulira kaŵiri, camshaft izungulire kamodzi, mosachedwa ndiponso mosafulumira. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa miniti, monga mmene imachitira galimoto ikamathamanga pa msewu waukulu, valavu iliyonse imatseguka ndi kutsekeka ka 25 pa sekondi imodzi.

Omvera amene anaonapo amayi aŵiri akusinja chimanga mu mtondo umodzi akudziŵa kale chinsinsi cha nkhaniyi. Munsi wina ukamatsika, wina umakhala ukukwera. Mtondo ndi umodzi, koma minsi siigundana chifukwa mayi aliyense amasunga nthaŵi yake. M'injini zambiri za masiku ano, pisitoni ikakwera imafika pamalo pomwe valavu yotseguka imafikanso ikatsika. Chimene chimalumikiza crankshaft ndi camshaft chikaduka, kapena chikangodumpha mano angapo, minsi ija imagundana. Mavalavu amapindika, nthaŵi zina pisitoni imabooka, ndipo mutu wa injini umawonongeka m'kuphethira kwa diso. Kuyambira masiku a Otto, akatswiri ayesa njira zitatu zosungira nthaŵi imeneyi: magiya, tcheni ndi lamba.

Njira yoyamba inali magiya. Pa magalimoto ambiri akale camshaft inkakhala pansi, m'thupi la injini, pafupi kwenikweni ndi crankshaft, kotero kuti magiya aŵiri olumana mano anali okwanira. Ford Model T, imene inayamba kupangidwa mu 1908 ndipo pofika 1927 inali itapitirira magalimoto 15 miliyoni, inkayendera magiya otere. Volkswagen Beetle nayonso inali chimodzimodzi. Magiya saduka wamba, koma vuto lawo n'lakuti safika patali. Mu 1912, Georges Boillot anapambana mpikisano wa French Grand Prix ku Dieppe ndi galimoto ya Peugeot imene injini yake inali ndi ma camshaft aŵiri pamwamba penipeni pa masilinda, ndiponso mavalavu anayi pa silinda iliyonse. Galimotoyo inasonyeza kuti injini imapuma bwino ndi kuzungulira mofulumira camshaft ikakhala pamwamba. Komatu kukwera kwa camshaft kunatalikitsa mtunda pakati pa zitsulo ziŵirizo, ndipo kulumikiza mtundawo ndi magiya kunali kodula ndi kwaphokoso, koyenera magalimoto a mpikisano ndi injini za ndege. Magalimoto a anthu wamba anafunika njira yotsika mtengo.

Njirayo inalipo kale. Mu 1880, Hans Renold, mmisiri wobadwira ku Switzerland amene ankagwira ntchito mu mzinda wa Manchester ku England, anapanga tcheni cha timaŵiro tozungulira, cha mtundu umene aliyense amaudziŵa pa njinga. Mu 1895 iye anatulutsanso tcheni cha mano choyenda mosapokosera. Ku America kampani ya Morse Chain, imene inaloŵa m'gulu la Borg-Warner mu 1929, inakula ndi malonda a matcheni a injini. Tcheni chinali ndi ubwino wakuti chimafika pamene magiya sangafike, ndipo chimakhala m'kati mwa injini, mmene oyilo amachinyowetsa nthaŵi zonse. Injini yotchuka ya Jaguar XK ya mu 1948 inkazunguza ma camshaft ake aŵiri a pamwamba ndi matcheni.

Mbiri yabwino ya tcheni kuno kwathu inachokera ku magalimoto amene ankayenda m'misewu ya fumbi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, monga Land Rover ndi Peugeot 404 ndi 504 za petulo. Pa injini zimenezi camshaft inali m'thupi la injini, motero tcheni chinali chachifupi, chonenepa, kaŵirikaŵiri cha mizere iŵiri, ndipo injini zakezo zinkazungulira mosathamanga. Tcheni chotero chinkatha kukalamba pamodzi ndi galimoto. Chikayamba kutha, chinkachenjeza mwini wake ndi phokoso kwa miyezi yambiri. Amakaniko amene anaphunzira ntchito pa magalimoto ameneŵa sananame pamene anauza ophunzira awo kuti tcheni sichitha. Iwo ankanena za tcheni cha nthaŵi yawo.

Lamba wa mano anabadwira kutali ndi galaja. M'zaka za m'ma 1940, ku America, Richard Case, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Gilmer mu mzinda wa Philadelphia, anapanga lamba wa mphira wokhala ndi mano kuti azisunga nthaŵi pakati pa singano ndi bobini m'makina osokera a Singer. Telala aliyense wa pakhonde la sitolo amadziŵa kuti singano ndi bobini zikasemphana pang'ono chabe, ulusi sugwira. Vuto limeneli ndi lofanana ndi la pisitoni ndi valavu, ndipo sipanapite nthaŵi yaitali akatswiri a magalimoto asanaone kufananako. Mu 1954, Bill Devin wa ku America anaika lamba wotere pa galimoto yake ya mpikisano. Mu 1962, kampani yaing'ono ya Glas, ya m'tauni ya Dingolfing ku Germany, inayamba kugulitsa Glas 1004, imene imaŵerengedwa kuti ndiyo galimoto yoyamba yopangidwa mochuluka yokhala ndi lamba wozunguza camshaft. Mu 1966 Fiat ku Italy ndi Pontiac ku America anatsatira, ndipo mu 1974 Volkswagen Golf inafikitsa lamba m'makomo a anthu miyandamiyanda.

Zifukwa zake zinali zomveka. Lamba ndi wopepuka, sapokosera, ndi wotsika mtengo pomupanga, ndipo safuna oyilo, kotero kuti amakhala kunja kwa injini, ataphimbidwa ndi chivundikiro chopepuka. Mitengo ya mafuta itakwera mwadzidzidzi mu 1973, ogula anayamba kufuna injini zazing'ono zosadya petulo wambiri, zokhala ndi camshaft pamwamba, ndipo lamba anali njira yapafupi yopangira injini zotero. Pofika zaka za m'ma 1980, magalimoto ang'onoang'ono ambiri a ku Japan ndi ku Ulaya anali a lamba. Koma walira mvula walira matope. Lamba ndi mphira wolimbitsidwa ndi tizingwe ta galasi m'kati mwake. Kutentha kumamuumitsa, oyilo wodontha amamufeŵetsa, ndipo zaka zimamung'ambitsa ngakhale galimoto itangoimikidwa pabwalo. Choipitsitsa n'chakuti kaŵirikaŵiri amaduka osachenjeza. Ndalama zimene wopanga anapulumutsa pa fakitale zinasanduka ngongole ya mwini galimoto, yoyenera kubwezedwa pa makilomita oikika. Mphira wolimba wotchedwa HNBR, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1980, anatalikitsa moyo wa lamba, koma ngongoleyo sanaifafanize.

SUV yaing'ono inabadwa m'nyengo imeneyi ya lamba. Suzuki Escudo, imene m'mayiko ena imatchedwa Vitara, inatuluka mu 1988 ndi injini ya lamba. Toyota RAV4 inatuluka mu 1994 ndi injini ya 3S-FE, Honda CR-V mu 1995 ndi injini ya B20B, ndipo Subaru Forester mu 1997 ndi injini ya banja la EJ. Zonsezi zinali za lamba, ngakhale kuti kuopsa kwake kunali kosiyana. Pa 3S-FE, pisitoni ndi mavalavu sizifikirana, motero lamba akaduka galimoto imangozima, ndipo mwini wake amataya tsiku ndi ndalama zokokera galimotoyo kugalaja. Pa B20B zimafikirana, ndipo kuduka kwa lamba galimoto ili pa liŵiro kumatanthauza kutsegula mutu wa injini.

Cha m'ma 2000 mphepo inatembenuka. RAV4 ya m'badwo wachiŵiri, ya mu 2000, inabwera ndi injini ya 1AZ ya tcheni. Nissan X-Trail, imene inayamba chaka chomwecho, inali ndi QR20DE, nayonso ya tcheni. Honda CR-V ya mu 2001 inalandira K20A ya tcheni, ndipo Subaru inatsatira mu 2010 ndi injini za banja la FB. Ogula anali atatopa ndi mtengo wosinthira lamba, ndipo wogulitsa aliyense ankafuna kulonjeza galimoto yosavuta kusamalira. Tcheni ndi chopyapyala kuposa lamba, motero chimafupikitsa injini yoikidwa chopingasa pansi pa boneti. Chinanso, injini zinali zitayamba kusintha nthaŵi yotsegulira mavalavu molingana ndi liŵiro, monga mmene VVT-i ya Toyota imachitira, ndipo zipangizo zake zimayendera mphamvu ya oyilo, motero zimagwirizana bwino ndi tcheni chokhala m'oyilo momwemo. Komabe dzina la galimoto palokha silinena zonse. RAV4 ya dizilo ya zaka zomwezo, ya injini ya 1CD-FTV, inakhalabe ya lamba. Chimene chimayankha funso la makaniko ndi dzina la injini, lolembedwa pa kachitsulo ka pansi pa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko.

Apa ndi pamene chiweruzo cha pamsika chija chimasokeretsa anthu, pakuti tcheni chimene chinabwerera sichinali chija cha Land Rover. Tcheni chatsopano ndi chachitali, chifukwa chimakwera mpaka pamwamba pa injini. Ndi chopyapyala, kaŵirikaŵiri cha mzere umodzi. Chimatsetsereka pa timatabwa ta pulasitiki, ndipo chimakungidwa ndi kachipangizo kotchedwa tensioner, kamene kamadalira mphamvu ya oyilo. Amakaniko amati tcheni chatanuka, koma chitsulo sichitanuka ngati mphira. Chimene chimachitika n'chakuti timisomali tolumikiza mfundo zake timaperepeseka pang'onopang'ono, ndipo kuperepeseka kwa mfundo zoposa zana limodzi kukaphatikizana, tcheni chimatalika mokwanira kusokoneza nthaŵi. Chimene chimafulumizitsa kuperepesekako ndi oyilo wakuda, wodzala mwaye ndi fumbi.

Ku Ulaya zimenezi zinaonekera poyera. Injini ya Volkswagen ya 1.4 TSI ya banja la EA111, imene inaikidwanso mu Tiguan, inadziŵika ndi matcheni otalika msanga, ndipo mu 2012 kampaniyo inatulutsa banja latsopano la EA211 limene linabwerera ku lamba. Injini ya dizilo ya BMW yotchedwa N47, ya mu 2007, imene inali mu X1 ndi X3, inali ndi tcheni kumbuyo kwa injini, kufupi ndi giyabokosi, kotero kuti kuchisintha kunkafuna kutsitsa injini kapena giyabokosi. Vuto la kuperepeseka linakula kufikira kuti miyezo ya oyilo ya API SP ndi ILSAC GF-6, imene inayamba kugwira ntchito mu 2020, inaikamo mayeso apadera oona mmene oyilo amatetezera tcheni.

Panalinso kuyesa kukwatitsa njira ziŵirizi. Mu 2012 Ford inatulutsa injini ya 1.0 EcoBoost, imene inaikidwa mu EcoSport, yokhala ndi lamba woyenda m'kati mwa oyilo. Peugeot inachita chimodzimodzi ndi injini ya 1.2 PureTech ya mu Peugeot 2008 ndi 3008. Cholinga chinali kuchepetsa kukhuzana ndi kupulumutsa petulo. Koma pamene oyilo anali wosayenera kapena wochedwa kusinthidwa, lamba ankanyenyeka, ndipo zinyenyeswazo zinkatseka sefa imene pampu imakokerapo oyilo, injini nifa ndi ludzu. Makampani onse aŵiri anadzaika tcheni chozunguza ma camshaft pa mitundu ina yatsopano ya injini zimenezi.

Mbiri yonseyi imafika ku Malaŵi pa sitima za pamadzi. Ku Japan, galimoto yatsopano imapimidwa ndi boma ikatha zaka 3, ndipo pambuyo pake pa zaka 2 zilizonse, m'dongosolo lotchedwa shaken. Mtengo wa kupimako ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu a kumeneko amagulitsira magalimoto akadali olimba. Popeza Japan ndi Malaŵi onse amayendetsa kumanzere kwa msewu, magalimotowo amatiyenera. Amatsikira pa doko la Dar es Salaam naloŵera pa Songwe kumtunda kwa Karonga, kapena amadzera ku Beira ndi ku Durban. Galimoto imafika yonyezimira, koma buku losonyeza mmene inkasamalidwira kaŵirikaŵiri limatsala kutsidya kwa nyanja. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wogula galimoto ya lamba ali ndi umboni umodzi umene angaufunefune. Ku Japan lamba amasinthidwa kaŵirikaŵiri pa makilomita 100,000, ndipo galaja limamata kapepala pa chivundikiro cha lamba kapena penapake pansi pa boneti, kosonyeza tsiku ndi makilomita. Malembo ake ndi a Chijapani, koma manambala amaŵerengeka. Chaka chingalembedwe monga mwa ulamuliro wa mfumu ya dzikolo. Chikayamba ndi H, ndiye kuti ndi cha nyengo ya Heisei, ndipo munthu awonjezere 1988, kotero kuti H20 ndi 2008. Chikayamba ndi R, ndi cha nyengo ya Reiwa, ndipo awonjezere 2018. Kapepalako kakasoŵa, kapena kakasonyeza kuti padutsa zaka zambiri, nzeru ndi kusintha lamba asanayambe ulendo wautali, ngakhale makilomita akuoneka ochepa, pakuti makilomita angathe kubwezedwa m'mbuyo ndi anthu achinyengo, ndipo mphira amakalamba ndi zaka. Makaniko wabwino amasinthira limodzi lamba, tensioner, timaŵiro totsogolera lamba, ndi pampu ya madzi ngati imazunguzidwa ndi lamba yemweyo, chifukwa chimodzi mwa zimenezi chikauma chimadula lamba watsopano. Amaonanso ngati oyilo akudonthera m'chivundikiro. Ndipo pasakhale kusokoneza: lamba amene amaoneka munthu akatsegula boneti, wozunguza alternator, ndi wina. Wosunga nthaŵi ndi wobisika.

Wogula galimoto ya tcheni umboni wake uli m'makutu ndi m'oyilo. Aipeze galimotoyo m'maŵa injini itazizira usiku wonse, pakuti wogulitsa wochenjera amaitenthetseratu. Ikalizidwa n'kumveka kuphokosera kwa zitsulo kwa masekondi angapo kuchokera kumene kuli tcheni, ndiye kuti tcheni kapena tensioner yatopa. Atsegule chitsekerero cha pothirira oyilo n'kusuzumira: akaona matope akuda ouma ngati phula, adziŵe kuti mwini woyamba ankachedwa kusintha oyilo, ndipo tcheni chinadya nawo matopewo. Nyale yochenjeza za injini ikamayaka, galimoto iyezedwe ndi kompyuta asanapereke ndalama. Akaigula, ntchito yake ndi kusintha oyilo ndi fyuluta pa nthaŵi yake, kuthira oyilo wa mtundu umene wopanga analamula, ndi kuyeza mlingo wake kaŵirikaŵiri, popeza injini yokalamba imadya oyilo ndipo akachepa tensioner imafooka. Mabuku a opanga magalimoto amapereka nthaŵi ziŵiri zosinthira oyilo, ina ya misewu yabwino, ina ya misewu ya fumbi, ya zitunda ndi ya maulendo afupiafupi, ndipo yachiŵiriyi kaŵirikaŵiri imakhala theka la yoyambayo. Galimoto yoyenda m'misewu ya kumudzi m'chilimwe, kapena yokwera zitunda za Chiweta ndi katundu, ili m'gulu lachiŵirilo.

Kusintha lamba ndi mtengo wodziŵika, wobwera pa nthaŵi yodziŵika, umene banja lingaukonzekere monga limakonzekerera fizi ya ana. Kusintha tcheni ndi ntchito yaikulu ndi yodula kwambiri, koma ingathe kusafika konse ngati oyilo akusamalidwa. Magalimoto oyendera magetsi okha, monga Nissan Leaf imene inayamba kugulitsidwa mu 2010, alibe camshaft, motero funsoli silikuwakhudza. Koma magalimoto a petulo, a dizilo, ndi aja ophatikiza petulo ndi magetsi adzakhala m'misewu yathu kwa zaka zambiri zikubwerazi, ndipo aliyense mwa iwo ali ndi tcheni, lamba kapena magiya. Kuyambira pa Glas ya mu 1962 kufikira lero, opanga magalimoto asintha maganizo kangapo, ndipo palibe njira imene yamasula mwini galimoto ku udindo wake. Safunsa anadya phula. Wogula wanzeru akamva kuti injini ndi ya lamba, amafunsa tsiku limene lambayo anasinthidwa. Akamva kuti ndi ya tcheni, amafunsa za oyilo, ndipo sapereka ndalama asanaimve injiniyo ikulira m'maŵa.